Kalata yotseguka kwa eni masamba osonkhetsa ndalama: makamera olonjezedwawa tidzawagwira m'manja?

Akuluakulu oyendetsa Kickstarter, Indiegogo ndi masamba ena onse omwe anthu amasonkherapo ndalama pa intaneti,

Landirani moni.

Ine ndine wojambula zithunzi, ndipo kamera ndiye khasu langa. Kwa masabata awiri tsopano, pa kompyuta yanga pali tsamba limodzi lomwe ndikulephera kulitseka. Ndi la kakampani katsopano komwe kakulonjeza kamera yaing'ono, yopepuka, yojambula bwino ngakhale kutada. Dzina lake sinditchula poti sikanandilakwire kanthu. Kanema wawo ndamuonera kasanu. Akuti osonkha msanga adzailandira pa mtengo wotsika, ndipo pambali pali manambala owerenga masiku otsala. Chala changa chimafika pa batani n'kubwerera chokha. Ndalemba kalatayi kuti mudziwe chomwe chikubweza chalacho, chifukwa ojambula ambiri amene ndimacheza nawo nawonso chimawabwerera chimodzimodzi.

Mu Seputembala 2012, a Kickstarter munalengeza poyera kuti tsamba lanu si sitolo. Munaletsa zithunzi zopangidwa pa kompyuta zooneka ngati katundu weniweni, ndipo munalamula kuti wopempha ndalama aliyense azilemba zovuta zomwe angakumane nazo. Munachita bwino. Koma tatsegulani lero tsamba lililonse la kamera yatsopano, muone zomwe ife timaona. Pali chithunzi cha katundu. Pali mtengo, ndi mtengo wina wokhwatcha kusonyeza kuti mwatichotsera. Pali mawu oti zatsala zochepa, fulumirani. Pali mwezi wolandirira katundu, ndi ndalama yotumizira. Chilichonse chikununkha sitolo. Mawu aja oti si sitolo timawamva bwinobwino tsiku limodzi lokha, tsiku lomwe katundu wakanika kubwera.

Nkhani ya Zano mukuidziwa kuposa ine. Kanali ka drone kokwana pachikhatho, kokhala ndi kamera, koti kazitsatira mwini wake n'kumamujambula. Kampani ya Torquing Group ya ku Wales inapempha mapaundi 125,000. Pofika Januwale 2015 anthu oposa 12,000 anali atasonkha mapaundi 2.3 miliyoni, ndipo pa nthawiyo panalibe ntchito ina ya ku Ulaya yomwe inasonkhetsapo zochuluka chotero pa Kickstarter. Mu Novembala chaka chomwecho kampani inagwa. Timadrone tomwe tinatuluka m'fakitale tinali mazana ochepa chabe, ndipo sitinkachita zomwe anthu anaona mu kanema. Apa ndikuyamikeni pang'ono, chifukwa munalemba ganyu mtolankhani Mark Harris kuti afufuze momasuka, ndipo zomwe anapeza zinatuluka poyera mu Januwale 2016. Anapeza kuti kanema wokopera anthu anali wosocheretsa, kuti ndalama zitachuluka eni ake anawonjezera malonjezo pamwamba pa malonjezo, ndiponso kuti anagula zipangizo zankhaninkhani asanatsimikize kuti chinthucho chikuuluka bwino. Anagula mbereko mwana asanabadwe, ndipo anagulira ndalama za eni.

Tsono tiwerengerane. Pa ntchito iliyonse yomwe yakwanitsa ndalama zake, Kickstarter imatengapo 5 peresenti, osawerengera ina yomwe amatenga makampani odutsitsa ndalama. Pa mapaundi 2.3 miliyoni aja, gawo lanu linaposa mapaundi 100,000. Mumalitenga ndalama zikangosonkhedwa, chomwe chalonjezedwacho chisanapangidwe n'chimodzi chomwe. Wosonkha amadikira chaka, zaka ziwiri, mwina mpaka kalekale. Wopanga amatha kutaya kampani ndi mbiri yake. Inu nokha ndi amene mumachoka pabwalo fodya wanu ali kale pamphuno, ife tonse tikadali ndi wa pachala. Pamenepa ndi pomwe pagona kalata yanga yonse.

Mwina mudzati zinthu zimakanika kulikonse, ngakhale buku kapena chimbale cha nyimbo. Zoona. Koma kamera ndi nyama ina, ndipo ndikufuna ndichedwepo pang'ono chifukwa osonkha ambiri sadziwa, pomwe inu mukudziwa.

Kupanga kamera imodzi yoonetsa anthu si chozizwitsa. Mainjiniya awiri aluso angagule sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera), kabolodi ka zamagetsi ndi lenzi, n'kusindikiza chikhokhombe chake pa makina a 3D, kamera n'kujambula ndithu. Mavuto amayamba mukafuna makamera 5,000 ofanana. Chikhokhombe cha pulasitiki chimafuna chikombole chachitsulo, chomwe chimadya ndalama zambiri ndi masabata ambiri kuti chisulidwe, ndipo mukapeza kuti kabowo ka batani kaphonya pang'ono, n'kukonzanso chitsulo kapena kusulitsa china. Sensa simupanga nokha. Opanga masensa padziko lonse ndi owerengeka, wamkulu ndi Sony, ndipo makasitomala awo okondedwa ndi opanga mafoni omwe amaoda mamiliyoni. Kakampani kofuna masensa 3,000 kamaima kumapeto kwa mzere. Mu Epulo 2016 chivomezi chitagwedeza Kumamoto ku Japan, fakitale ya masensa ya Sony inaima, ndipo ngakhale makampani akuluakulu a makamera anachedwa kutulutsa katundu. Kuyambira 2020 mpaka 2022 tizipangizo ta m'makompyuta tinasowa padziko lonse, ndipo amene anali ndi thumba laling'ono ndi amene ankalandira potsiriza.

Ndiye pali kulumikiza. Lenzi ndi sensa ziyenera kuyang'anizana ndendende. Zikapendekeka pang'ono kuposa kukula kwa tsitsi limodzi, mbali ina ya chithunzi imatuluka yachimbuuzi. Kafumbi kamodzi kakalowa polumikiza, kadzaoneka pa chithunzi chilichonse mpaka kamera itatha. Pulogalamu ya m'kati mwa kamera, yomwe imasandutsa kuwala kukhala mitundu, imafuna zaka kuti ikhwime. Khungu la munthu likatuluka lobiriwira, wojambula ukwati sangapereke chithunzicho kwa mkwatibwi, ngakhale kamerayo ikhale yokongola bwanji pakhosi. Kamera yokhala ndi Wi-Fi imafuna chiphaso cha bungwe la boma la FCC kuti igulitsidwe ku America ndi chizindikiro cha CE ku Ulaya. Batire ya lithium ili ndi malamulo ake isanakwere ndege. Mafakitale a ku Shenzhen amatseka pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano cha ku China, ndipo amene waphonya tsiku lake ndi sabata imodzi amapezeka wataya mwezi wathunthu. Zonsezi siziwoneka mu kanema wa mphindi zitatu woimbidwa kanyimbo kokoma.

Ngati mukuyesa kuti ndikunyoza achinyamata oyamba kumene, tamvani za akuluakulu. Mu Febuluwale 2016 Nikon inalengeza makamera atatu otchedwa DL. Inawaonetsa, inatchula mitengo, anthu anayamba kudikira. Patatha chaka, mu Febuluwale 2017, inalengeza kuti makamerawo sadzatuluka, chifukwa cha vuto la kachipangizo kokonza zithunzi, kukwera kwa ndalama zopangira, ndi kuchepa kwa ogula. Chaka chimenecho Nikon inali kukwanitsa zaka 100. GoPro nayo mu Novembala 2016 inaitanitsa ma drone ake a Karma pafupifupi 2,500 atangogulitsidwa masabata ochepa, chifukwa ena ankazima ali m'malere. Kusiyana kwake n'kwakuti makampani amenewa anapirira ndi thumba lawo, ndipo ogula Karma anabwezeredwa ndalama zawo. Kakampani ka pa tsamba lanu kakapunthwa chotere, thumba lomwe limabooka ndi lathu.

Musaiwalenso msika womwe akulowamo. Bungwe la opanga makamera ku Japan la CIPA limasonyeza kuti mu 2010 makamera a digito omwe anatumizidwa kumisika anali pafupifupi 121 miliyoni. Pofika 2022 anali pafupifupi 8 miliyoni basi. Mafoni anadya msika. Olympus, dzina lomwe ojambula analidziwa kwa zaka makumi ambiri, inagulitsa nthambi yake ya makamera. Munthu amene akubwera ndi kamera yatsopano masiku ano akuwoloka mtsinje womwe wakokolola kale anthu odziwa kusambira.

Ena mwa omwe anakanika sanali akuba, ndipo izi ndi zomwe zimandiopsa kwambiri. Triggertrap ya ku London inali kampani yodziwika kale kwa ojambula, yopanga tizipangizo tochititsa kamera kujambula yokha ikamva phokoso kapena ikaona kuwala. Mu 2013 inasonkhetsa mapaundi pafupifupi 290,000 pa chipangizo chotchedwa Ada. Mu 2015 eni ake anavomera poyera kuti zakanika, poti mtengo wopangira unakwera katatu kuposa momwe anawerengera. Anafotokoza momwe ndalama zinayendera, n'kubweza zotsala, pafupifupi 20 peresenti ya zomwe aliyense anasonkha. Amenewo ndi anthu achilungamo, odziwa ntchito, ndipo wosonkha anatayabe magawo anayi mwa asanu. Panono ya ku Berlin, kamera yonga mpira yokhala ndi timakamera 36, yoti ukaiponya m'mwamba ijambule mbali zonse, inasonkhetsa madola pafupifupi 1.25 miliyoni pa Indiegogo. Kamerayo inapangidwadi ndipo inkajambula, koma kampani inagwa mu 2017 osonkha ambiri asanalandire yawo.

Palinso kukanika kwa mtundu wina, komwe phukusi limafika ndithu pakhomo. Mu 2017 kunabwera kamera ya Yashica Y35, yovala dzina lomwe achikulire ambiri anaphunzirira kujambula. Dzinalo linali litagulitsidwa kale ku kampani ya ku Hong Kong, koma anthu anaona dzina, mitima n'kukumbuka kale, ndipo anasonkha madola oposa 1 miliyoni. Itafika mu 2018, madandaulo anali ponseponse: pulasitiki yopepuka, mabatani ena ongokongoletsa, zithunzi zosakoma. Chikomekome cha mkuyu. Za mayina akalewa, nkhani ya Meyer Optik Görlitz ndiye imapweteka kwambiri. Kampani ya net SE ya ku Germany inkasonkhetsa ndalama za malenzi motsatizana, pogwiritsa ntchito mayina angapo akale olemekezeka, mpaka inagwa mu 2018 anthu ambiri atagwira m'madzi. Omwe anagula dzinalo pambuyo pake anavomera okha kuti malenzi ena omwe ankagulitsidwa modula anali a ku China ndi a ku Russia ongosinthidwa pang'ono. Kodi panalibe ndi mmodzi yemwe m'maofesi mwanu amene anaona kuti kumbuyo kwa mayina onsewa kuli thumba limodzi?

Ya Lily sindikuikani pamutu, poti kampani imeneyo inkatolera ndalama pa tsamba lakelake. Ndikuitchula chifukwa cha kanema. Drone yojambula yomwe umangoiponya m'mwamba n'kuyamba kukutsatira inakopa maoda 60,000, ndalama zokwana madola 34 miliyoni. Mu Januwale 2017 kampani inatseka, ndipo ofesi ya woimira boma pa milandu ku San Francisco inaisumira, ponena kuti zithunzi za mu kanemayo zomwe anthu ankayesa za Lily zinajambulidwa ndi zida za makampani ena, GoPro ndi DJI. Taganizani, kutsatsa kamera ndi zithunzi za kamera ina. Kuchokera pamenepo, ndikaona kanema wa kamera yatsopano, funso langa loyamba limakhala lakuti wajambula kanemayu wagwira chiyani m'manja.

Sindikufuna mundiyese munthu woona zoipa zokhazokha. Peak Design yasonkhetsa ndalama kangapo pa Kickstarter, ndipo mu 2019 inaposa madola 12 miliyoni pa miyendo yoimikapo kamera. Katundu anafika, ojambula akugwiritsa ntchito. Lomography inasonkhetsa madola oposa 1 miliyoni mu 2013 pa lenzi ya Petzval, fakitale ya Zenit ku Russia inaipanga, anthu analandira. Koma taonani bwino opambanawa. Ndi makampani omwe anali kale ndi katundu pamsika ndi mafakitale owadziwa, ndipo zomwe analonjeza zinalibe sensa, zinalibe pulogalamu, zinalibe batire. Kunena zoona, iwowo ndi amene amagwiritsa ntchito tsamba lanu ngati sitolo, ndipo mbiri yawo yabwino ndi yomwe imafunditsa oyamba kumene. Kakampani ka Digital Bolex kanasonkhetsa ndalama za kamera yeniyeni ya kanema mu 2012, kanachedwa koma kanapereka, ndipo ndimakavulira chipewa. Koma pofika 2016 kanali katasiya kupanga.

Ndikudziwa nambala yomwe mudzandiyankhe nayo. Kafukufuku wa Ethan Mollick wa ku sukulu ya zamalonda ya Wharton ku America, yemwe anatuluka mu 2015, anapeza kuti pafupifupi 9 peresenti ya ntchito za pa Kickstarter sizipereka zomwe zinalonjeza. Nambalayo ikuphatikiza mabuku, nyimbo, zisudzo ndi masewera, zonse m'dengu limodzi. Ine sindikusonkhera buku. Ndikufuna nambala ya makamera ndi zida zamagetsi payokha: angati anafika, anachedwa miyezi ingati, angati anazimirira. Zimenezo zili m'makompyuta mwanu. Ziikeni pamwamba pa tsamba, pafupi ndi batani lija, osati m'lipoti lomwe munthu achite kulisaka.

Ndipo kuchedwa si nkhani yaing'ono monga ena amanenera. Banki imapereka miyezi yochepa yoti munthu adandaule ndi kubweza ndalama yomwe analipira pa khadi. Kamera ikalonjezedwa patapita chaka, n'kuchedwanso chaka china, nthawi yodandaulira imakhala itatha kalekale. Kampani yodutsitsa ndalama ya PayPal inachita kuchotseratu chitetezo chake pa ndalama zosonkha zotere mu 2016. Malamulo anu amati pangano lili pakati pa wosonkha ndi wopanga, inu mulibemo. Ndiye munthu wa dziko lina akasumire kampani yomwe inagwa kale kutsidya kwa nyanja, chifukwa cha madola 600? Ndalama ya loya yokha iposa kamerayo. Ku America bungwe la boma loteteza ogula la FTC linatengera kukhoti wosonkhetsa ndalama koyamba mu 2015, pa nkhani ya masewera a patebulo, koma milandu yotere ndi yowerengeka, ndipo imagwira wonama, siigwira wolephera. Komanso kamera ya digito imakalamba ili m'njira. Sensa yomwe inali yapamwamba tsiku losonkha, patatha zaka zitatu imapezeka kuti foni ya m'thumba yaiposa.

Chomwe ndikupempha choyamba n'chosavuta, ndipo sichikudyerani ndalama. Aliyense wopempha ndalama za kamera aike pa tsamba zithunzi zojambulidwa ndi kamerayo, mafailo enieni osakonzedwa a RAW, oti ife titsitse n'kuwaunika tokha. Mu kanema azilemba poyera kuti chithunzi ichi chajambulidwa ndi chida chakuti. Kamera yoonetsayo ipite m'manja mwa munthu wodziwa, wosalipidwa ndi kampaniyo, aigwiritse ntchito masiku angapo. A Indiegogo munayambitsa zolemba pa tsamba kuti chinthu chikadali ganizo, kapena chapangidwa chimodzi choonetsa, kapena chili m'fakitale. Ganizo labwino, koma pa kamera mtunda wa pakati pa chimodzi choonetsa ndi fakitale ndiye ulendo wonse. Tiuzeni ngati chikombole chasulidwa, ngati wogulitsa masensa wavomera molemba, ngati fakitale yatchula mtengo.

Chachiwiri ndicho cholemera. Lekani kupereka ndalama zonse tsiku limodzi. Panopa pakangopita masabata awiri ntchito itatseka, thumba lonse limagwera m'manja mwa anthu omwe mwina sanagwirepo ndalama zotere chibadwire. Womanga nyumba wanzeru salipira mmisiri ndalama ya denga maziko asanakumbidwe. Zisungeni ndalamazo, muzitulutsa pang'onopang'ono: gawo lina chikombole chikatha, lina makamera ochepa oyesera akatuluka bwino, lina ziphaso zikapezeka. Ikakanika panjira, zotsala zibwerere kwa eni. Ndikudziwa kuti opanga adzalira kuti fakitale imafuna ndalama patsogolo, ndipo akunena zoona. Ndalamayo ipite ndithu, koma ipite chifukwa cha chikalata cha fakitale chomwe mwachiona. Ndipo ntchito ikapeza ndalama kuwirikiza kakhumi zomwe inapempha, musamaimbe nthungululu. Wokonzekera kupanga makamera 500 akauzidwa kuti apange 15,000, wapatsidwa ntchito ina yomwe sanaikonzekere. Muloleni, kapena mumukakamize, kutseka chitseko nambala yake ikakwana.

Za 5 peresenti yanu ndanena kale. Idikire limodzi ndi ife. Tengani theka tsiku losonkha kuti magetsi a mu ofesi asazime, theka linalo mudzatenge katundu akafika m'manja mwa anthu. Akakanika, lipite kwa osonkha. Tsiku lomwe mudzachite zimenezi, sindidzafunikanso kukuphunzitsani kufunsa za sensa ndi chikombole, mudzayamba kufunsa nokha.

Mudzati mukayamba kuunika ntchito iliyonse, anthu adzayesa kuti mwaitsimikizira, ndipo ikakanika adzakugwirani pakhosi. Mudzatinso masamba anu anabadwa kuti munthu wopanda dzina apeze mwayi womwe mabanki amamumana. Mfundo yachiwiriyi ndimaikonda, ndipo ndi chifukwa chake tsamba lija sindinalitseke. Makampani akuluakulu sadzatipangira kamera yachilendo yofunidwa ndi anthu 2,000 okha. Wotipangira ndi wamisala wina wa m'galaja. Koma yoyambayo sindiivomera. A Kickstarter mumasankha kale ntchito zina n'kuzipachika chizindikiro cha Projects We Love, kutanthauza ntchito zomwe mwazikonda, ndipo munthu wamba akachiona amayesa kuti mwayang'ana m'kati. Ngati muli ndi nthawi yosankha zomwe mwazikonda, nthawi yofunsa mafunso asanu muli nayonso. Tsamba laling'ono la Crowd Supply la ku Portland ku America limaunika zida zamagetsi lisanazilandire ndipo limathandiza nawo kutumiza katundu. Likukwanitsa, ndi antchito ochepa kuposa anu.

Kakampani kaja ndakalembera uthenga dzulo. Ndapempha chinthu chimodzi: failo imodzi ya RAW, ya nkhope ya munthu, yojambulidwa madzulo m'nyumba ndi kamera yomwe ili mu kanema wawo. Manambala a pambali aja akuti kwatsala masiku 9. Failoyo ikabwera ndidzaitsegula, ndidzayang'ana khungu ndi m'makona mwa chithunzi, ndipo ikandikhutiritsa ndidzasonkha, ndikudziwa kuti ndalamayo mwina sindidzaionanso. Ikapanda kubwera, tsambalo ndidzalitseka. Funso limeneli likanayenera kufunsidwa ndi inu tsambalo lisanatsegulidwe.

Ndikudikira yankho lanu.

Ine wanu,
Wojambula zithunzi